Khofi wa Achimwene Sazizira

Zarqa, 9 Novembala 1987

Achimwene a Khalaf,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi alamu ndi mwana wanu Maysoun. Ife kuno tili moyo. Ndisanene zoposa pamenepo kuopa kunama pamaso pa Mulungu.

Ndinabwera kwanu ku Amman kawiri. Ulendo woyamba msilikali wa pageti anati muli ku msonkhano. Ulendo wachiwiri anandilowetsa, ndinakhala pa mpando wofewa mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenaka mlembi wanu wonunkhira ngati mkwatibwi uja anati chimene chimafika msanga pa tebulo la a nduna ndi pepala. Ndiye pepala ndi ili. Kulemba munandiphunzitsa ndinu pakhonde pa bambo, lero muone ntchito yake.

Nkhani mukuidziwa, koma ndiilembe kuti mawa musadzati munangoimva m'maluwa. Pa ukwati wa mwana wa alamu anga, mwana wanga Sattam anaombera mfuti m'mwamba monga amachitira anyamata onse akakondwa, monga munkachitira inunso musanayambe kuvala suti. Dzanja linaterereka. Chipolopolo chinapeza Zuhair, mwana wa a Irsheid, amene anali padenga kuonerera magule. Dzuwa lisanalowe, apolisi ndi akuluakulu anatikweza m'lole, ife ndi abale onse a amuna anga, kuti tichoke m'mudzi magazi asanaitane magazi ena. Mwambowo sindikuutsutsa. Akanakhala mwana wanga amene anagwa padengapo, inenso sindikanafuna kukumana ndi amake a woombayo pachitsime. Koma ndinasiya mtanda wa buledi m'mbale, achimwene, ndi mbuzi zosakama.

Sattam ali m'ndende. Ife tili m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ndipo mphepo ya kuno imanunkha mafuta a galimoto. Alamu anu a Mifleh amadzuka m'mamawa monga kale, kuvala nsapato za kumunda, n'kukhala pakhomo kuyang'ana khoma la eni ake. Uno ndi mwezi wothyola azitona. Ndimaona zala zawo zikuyenda pa bondo.

Akuluakulu anatitengera pangano loti a Irsheid asabwezere, koma pangano si nyumba. Kuti tibwerere kwathu pafunika munthu wotsogolera akuluakulu kwa a Irsheid, amuthirire khofi, iye aike kapu pansi n'kunena kuti samwa mpaka atapatsidwa chimene wadzera. Dziko lonse likudziwa kuti khofi wanu sanazizirepo. Mwayanjanitsa mafuko kumpoto ndi kummwera, mwafunsirira ukwati ana a anthu olemera, ndipo kulikonse eninyumba amati "imwani" nthunzi isanathe. Inu si wa fuko la amuna anga, choncho mwambo sukukuletsani. A Irsheid munkakwera nawo bulu mmodzi popita kusukulu ku Karak.

Pitani, achimwene. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndine mlongo wanu,
Fidda

*

Amman, 2 Disembala 1987

Mlongo wanga wokondedwa Fidda,

Mtendere ndi chifundo cha Mulungu zikhale pa iwe ndi pa alamu anga a Mifleh. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo mlembi uja ndamudzudzula.

Usaganize kuti ndagona. Tsiku lomwe ndinamva, ndinatumiza telegalamu ya chipepeso kwa Irsheid, ndi nkhosa ndi matumba a mpunga oti adyetse olira. Loya amene akuimira Sattam ndinamupeza ndine. Dalaivala wanga akubweretsera mbaula ya palafini, mabulangete ndi kangachepe ka lendi, ndipo azibwera mwezi ndi mwezi.

Koma pa zimene wapempha, undimvetse. Ndinayamba ndi choko m'manja, ndinakhalapo bwanamkubwa m'maboma osiyanasiyana, uno si unduna wanga woyamba, ndipo ngati pali chimene ndaphunzira n'chakuti mlandu wa magazi umapsa ndi moto wochepa. Manda a mnyamatayo sanaume. Ndikapita lero ndi mbendera pa galimoto, Irsheid adzati "imwa" chifukwa choopa boma, osati chifukwa choti mtima wake wakhala pansi, ndipo kukhululuka kwa mantha sikutha chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakali pano tikulimbana ndi ndondomeko ya chuma cha boma, ndipo ndikugona mochepa. Kuzizira kukangotha, mitengo ya amondi ikayamba maluwa, ndidzasonkhanitsa akuluakulu ndipo ndidzawatsogolera ndekha. Azitona a chaka chamawa a Mifleh adzathyola ndi manja awo, Mulungu akalola.

Kodi chambiko chouma chija munatha kunyamulako? Cha m'masitolo a kuno chimangokhala ngati laimu.

Mlongo wako,
Khalaf

*

Zarqa, 21 Meyi 1988

Achimwene,

Mtendere. Ndikuyamikireni pa unduna wanu watsopano. Ndinakuonani pa kanema wa m'golosale ya pafupi nafe, dzanja lili pa Buku Lopatulika, mukulumbira kuti mudzatumikira anthu. Mwini golosale anati, "Uja si mlongo wanu?" Ndinati amafanana naye.

Tsiku lomwelo ndi limene munalonjeza kukhala pa mkeka wa a Irsheid. Ndikudziwa, anakuitanani kunyumba yachifumu m'mamawa, boma linasintha, ndipo munthu sakana akaitanidwa kumeneko. Koma bwanji simunaimitse ulendowo? Munatumiza anzanu, anthu a mimba zawo, aphungu akale ndi akuluakulu a asilikali opuma. A Nofa, amake a malemu Zuhair, anauza mnansi wathu wina, ndipo iye anandiuza ine. Akuti magalimoto anadzaza kuchokera pa mzikiti mpaka kumanda, ena anaponda mphodza za anthu. Kunalinso munthu wojambula zithunzi za m'nyuzipepala. Pakhomo pa maliro, achimwene.

Akuti khofi anathiridwa, wotsogolera anaika kapu pansi, n'kuyankhula mawu okoma kwambiri okhudza mbiri ya fuko la a Irsheid kuyambira nthawi ya Aturuki. A Irsheid anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limodzi: "Khalaf ali kuti?" Atawauza kuti muli ku ntchito ya dziko, anangoti dziko ndi lalikulu. Kapu inakhala pansi mpaka ntchentche kuteramo. Anzanu aja anadzuka ndi njala, nyama ya nkhosa ili pamoto.

Ife tinali titamanga kale katundu. A Mifleh anagula mpeni watsopano wotengulira mitengo. Madzulo ake anamasula okha zingwe za mabulangete, ndipo sanafune kuti ndiwathandize.

Pitani nokha, anthu aja afunsa inu. Chambiko munafunsa chija chinatsala padenga la nyumba yanga. Mukachitenge mukamadutsa.

Fidda

*

Amman, 30 Ogasiti 1989

Mlongo wanga Fidda,

Mtendere ukhale nawe. Makalata ako atatu ali pano, ndipo sindinayankhe chifukwa sindinkafuna kukulembera mawu opanda kanthu.

Funso lija la Irsheid iwe ukulimva ngati kuitana. Ine ndakhala m'ndale nthawi yaitali, ndipo ndikulimva mwina. Chisankho chikubwera, ndatula pansi unduna kuti ndiime kwathu, ndipo amene akupikisana nane ndi msuweni wake wa Irsheid. Akufuna ndifike pakhomo pake, ndiike kapu pansi anthu akuona, andisiye pomwepo, mawa lake Karak yense aziseka kuti khofi wa Khalaf wazizira. Zikatero sindingakuthandize iwe, sindingathandizenso wina aliyense. Munthu ngati ine alibe minda kapena mafakitale, mlongo wanga. Ndili ndi dzina lokha.

Ukanaona mmene ndikukhalira ukanandimvera chisoni. Kusanache balaza ladzaza kale. Uyu akufuna ntchito ya mwana wake, uyu bedi kuchipatala, uyu akuti msewu unalambalala nyumba yake. Aliyense amandipsompsona pa phewa, ndipo aliyense akatuluka amanditukwana. Dzulo ndinadya mpunga wa nkhosa m'nyumba zinayi, ndipo m'mimba mwanga simukulandiranso chilichonse.

Chisankho chikangodutsa, nkhani yako ndiyo yoyamba. Pangano lija ndaonetsetsa kuti aliwonjezera.

Khalaf

*

Zarqa, 17 Okutobala 1991

Kwa a Kazembe, achimwene anga, ku Tunis,

Mtendere. Adiresi yanu ndinachita kupempha kwa dalaivala. Ndimayesa mukawina chisankho mupita kwa a Irsheid, koma munawina n'kubwerera ku unduna. Ndimayesa unduna ukatha mupita, koma unatha n'kukupatsani ndege. Akuti kumeneko kuli nyanja. Muzipuma bwino.

Sattam anatuluka m'ndende ndipo anapita kunja kukagwira ntchito ku Dammam. Sanafune kugona kuno ngakhale sabata, akuti sangathe kuyang'ana bambo ake. Alamu anga ena anatopa, anagula malo kuno, ana awo akuyankhula ngati a m'tauni ndipo sadziwa kusiyanitsa tirigu ndi balere. Otsala ndife, okalamba awiri.

A Mifleh akudwala chifuwa. Adokotala akuti mapapo atha. Nsapato za kumunda zija anasiya kuvala. Dzana anandifunsa ngati mtengo waukulu wa pafupi ndi chitsime unali kumanja kapena kumanzere kwa geti, ndipo nditawauza analira, chifukwa anali ataiwala. Akuti sakupemphanso zokathyola azitona. Akungofuna kukagona pafupi ndi bambo awo.

Ndakhala ndi nthawi yambiri yoganiza, poti kuno kulibe mbuzi zokama. Poyamba munati chilonda n'chachiwisi. Kenaka munati chisankho. Ine ndinakukhulupirirani, chifukwa kuyambira tili ana mumayankhula bwino kuposa tonse. Paja bambo anagulitsa ng'ombe yolimira kuti mukaphunzire ku Damasiko, ndipo ine ndinapalira nawo munda ndi manja osadandaula, poti tinkati Khalaf akakwera tonse takwera. Koma lero ndinene, mukwiye ngati mukufuna. Simukuopa kuti a Irsheid akhululuka mwamantha. Mukuopa kuti akana. Mwapita kulikonse kumene munkadziwa kale kuti yankho ndi inde, ndipo khomo limodzi lokha limene simukudziwa yankho lake ndi limene lili ndi mlongo wanu kuseri kwake.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene. Munthuyu sadikira kuti ukazembe wanu uthe.

Fidda

*

Tunis, 26 Febuluwale 1992

Mlongo wanga,

Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Mulungu awachitire chifundo a Mifleh, akupatse iwe kupirira.

Kalata yako ya Okutobala inandipeza mochedwa, inakhalitsa m'thumba la makalata a boma. Uthenga wa maliro unandipeza ndili ndi alendo a boma amene sindikanatha kuwasiya. Ndinaimba lamya kwa bwanamkubwa wa ku Karak kuti akapemphe Irsheid alole thupi lokha likalowe m'manda a kumudzi. Anabwerako ndi yankho loti lamya ilibe nkhope, ndipo pamene ndinkafuna njira ina n'kuti mutaika kale ku Zarqa.

Mawu ako aja ndawawerenga kambiri. Sindikuwayankha lero. Ndatopa, Fidda. Ntchito yanga kuno ndi kuimirira m'zipinda zazikulu ndi tambula ya madzi a malalanje m'manja, kumwetulira anthu amene sindikumbuka maina awo. Ndikabwerera tidzakhala pansi.

Undilembere, ngakhale mzere umodzi.

Khalaf

*

Amman, 4 Epulo 1996

Azakhali okondedwa,

Ndine Maysoun. Ndikupsompsona manja anu. Muli bwanji, nanga mawondo aja? Dalaivala anatiuza kuti kuyambira pa maliro a amalume mumabweza envelopu osatsegula, ndipo adadi analeka kufunsa. Ine ndalemba ndekha, iwo sakudziwa.

Mwina munamva pa wailesi kuti atchula maina atsopano a nyumba ya akuluakulu a malamulo. Dzina la adadi palibe. Palibe amene anawauza. Anavala suti m'mamawa, anakhala pafupi ndi lamya, ndipo anamva limodzi ndi dziko lonse. Msilikali wa pageti anamuchotsa sabata yomweyo. Balaza lija munkadikiramo, lero amayi anaphimba mipando ndi nsalu. Pa Idi kunabwera anthu osakwana m'manja, mmodzi wa iwo n'kuti wasochera nyumba.

Chinanso n'chakuti akudwala. Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera ali ku Tunis, ankalibisa m'thumba. Pano ndi manja onse, ndipo adokotala akuti sizibwerera m'mbuyo. Mabatani ndimawamangira ine. Pamaso pa alendo salandira chakumwa chilichonse, amati adya kumene.

Masana amakhala pakhonde ndi zithunzi zawo zakale. Amandionetsa: apa ndikutsegulira mlatho, apa ndikuyanjanitsa mafuko awiri amene anaphana zaka makumi awiri, apa mvula inatinyowetsa koma khofi ndinamwa wotentha. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga kwa a Irsheid bwanji. Amayi anandiponda phazi. Adadi anatseka buku la zithunzi n'kunena kuti kale akanapita akanakhala ndi choti ataye, pano alibe choti apereke, ndiye apite ngati ndani?

Azakhali, bwerani mudzawaone. Kapena lembani. Chibale ndi fupa, sichiola.

Mwana wanu,
Maysoun

*

Zarqa, 15 Epulo 1996

Mwana wanga Maysoun,

Mulungu akudalitse, kalata yako yandisangalatsa. Mawondo alipo, akundinyamulabe mpaka kumanda a amalume ako Lachinayi lililonse. Agona pakati pa munthu wa ku Nablus ndi msilikali wa ku Irbid. Ndimawauza kuti azicheza nawo.

Za bambo ako ndamva, ndipo sindinakondwe, ngakhale ndinkaganiza kuti tsikuli likadzafika ndidzakondwa. Koma ku Amman sindibwera. Mpando wofewa uja ndinaukhala kokwanira. Ine ndili ndi ulendo umodzi wokha wotsala m'miyendomu, ndipo ndi wa kwathu. Sindifuna kudzagona pakati pa alendo ngati amalume ako.

Akufunsa kuti apite ngati ndani? Uwauze kuti apite ngati Khalaf mwana wa Salameh, amene ankagwa pa bulu pa chitunda cha ku Karak, Irsheid n'kumamukweza. Nduna ija a Irsheid sanaifunsepo.

Azakhali ako,
Fidda

*

Amman, 10 Meyi 1996

Azakhali,

Ndikupsompsona manja anu. Khalani pansi musanawerenge.

Kalata yanu ndinawawerengera adadi. Panapita masabata. Dzulo m'mawa ndinawapeza atavala mkanjo ndi mpango wofiira kumutu, zimene sindinawaonepo atavala popanda makamera. Anati nditenge makiyi a galimoto yanga. Ndinafunsa ngati tiimbire akuluakulu ena, anati ayi. Amayi anati mwamuna sapita ku mlandu wa magazi ndi mwana wamkazi yekha, anthu adzaseka. Adadi anati asekeretu.

Tikudutsa pa chitunda cha ku Karak anati, "Ndi apa." Tinafika anthu akutuluka mu mzikiti masana. A Irsheid anali pakhonde, okalamba kwambiri, diso limodzi loyera. Anayang'ana galimoto yanga yaing'onoyo, anayang'ana kumbuyo kwake ngati kukubwera ena, kenaka anadzuka n'kutsegula chitseko cha chipinda cha alendo. Ine a Nofa anandikokera kukhitchini. Chitseko chapakati anachisiya chotsegula pang'ono, ndipo tonse awiri tinakhala pomwepo osachita manyazi.

Khofi anathira okha a Irsheid. Adadi analandira ndi manja awiri, ndipo pofika nayo pansi kapuyo theka linali litatayikira pa mkeka. Ine ndinkadikira mawu awo otchuka aja, a mbiri ya mafuko ndi mavesi. Sanawanene. Anati, "Irsheid, ndabwera kudzapepesa maliro a Zuhair. Ndachedwa." Anapuma pang'ono, n'kuonjezera kuti abweranso kudzapempha kuti mlongo wawo abwerere kwawo, ndipo samwa mpaka atayankhidwa.

A Irsheid sanayankhe. Anatenga mikanda yawo yopempherera n'kumaiyendetsa. Nthunzi inatha. Dzuwa linachoka pa mkeka n'kukwera khoma. Ndinkaona msana wa adadi ukugwedezeka, ndipo ndinafuna kulowa kuti ndiwatenge tizipita, koma a Nofa anandigwira mkono mwamphamvu.

Patapita nthawi yaitali a Irsheid anaweramira kapu ija, anaikhudza ndi chala, n'kunena kuti, "Wazizira, Khalaf."

"Ndaona."

"Ndiye ukumva bwanji?"

"Ndinkayesa ndifa," anatero adadi. "Sindinafe."

Apo a Irsheid anayamba kuyankhula, motsitsa, osakalipa. Anati unanditumizira nkhosa ngati ndinali ndi njala. Unanditumizira magalimoto ndi wojambula zithunzi. Unanditumizira bwanamkubwa ndi lamya. Kenaka mawu awo anasintha. "Tsiku limene Zuhair anabadwa, amene anamunong'oneza pemphero m'khutu ndiwe. Ndinkafuna munthu mmodzi abwere akhale apa, anene kuti ankamudziwa mwana wanga. Aja onse unatumiza ankamutchula kuti malemu."

Adadi anati amamukumbuka. Anati anali ndi mpata m'mano, ndipo ali wamng'ono anawabera mbendera ya pa galimoto n'kuimangirira pa mchira wa mbuzi. A Nofa anaseka kukhitchini kuja, kenaka anadziphimba kumaso ndi mpango.

Kuitana kwa pemphero la chakumadzulo kutamveka, anapemphera limodzi, adadi atakhala pansi poti sangathenso kugwada. Atamaliza, a Irsheid anatenga kapu ija, anakhuthulira khofi wozizirayo panja, n'kuthira wina. Anati, "Imwa khofi wako. Fidda abwerere m'nyumba mwake, ndi aliyense wa a Mifleh amene akufuna. Sattam yekha ndisamuone ndili moyo." Za chipukuta misozi anati asamve n'komwe, mwana wawo sanali wogulitsa.

Azakhali, adadi analephera kumwa. Ananyamula kapu, inagunda mano, khofi anatayikira pa mkanjo. Anayesanso, chimodzimodzi. Ndinaona makutu awo akufiira. A Irsheid anawayang'ana ndi diso lawo limodzilo, anasendera pafupi, anathiranso, n'kuwagwirira kapu pakamwa ndi dzanja limodzi, lina atawachirikiza nalo kunkhongo. Anati, "Ukadali wogwa pa bulu, iwe."

Akuluakulu a mbali zonse akumana sabata yamawa kuti alembe ndi kulengeza. Yambani kumanga katundu. Ndidzakutengani ine.

Maysoun

*

Kumudzi, 20 Juni 1996

Achimwene a Khalaf,

Mtendere ukhale nanu. Ndikulemba ndili pakhonde panga.

Loko anachita dzimbiri, tinachita kuthyola. Denga la chipinda cha kumbuyo linagwa. Mbale ija ndinasiyamo mtanda ndinaipeza pomwe ndinaisiya, mbewa zinanditsukira. Mitengo ya kumtunda inauma, ya kumunsi ilipo koma yatuluka mphukira paliponse ngati mutu wa wamisala. Mtengo waukulu uja uli kumanja kwa geti, monga ndinawauzira a Mifleh. Mpeni wawo wotengulira ndabwera nawo, ukadali m'pepala la kusitolo.

Alamu anga palibe amene wabwerera, akuti ana ali pasukulu. Sattam ndinamuuza pa lamya, anangoti zikomo amayi, kenaka ndalama zake za lamya zinatha.

A Nofa anabwera tsiku lachiwiri ndi buledi ndi mafuta. Tinakhala pansi akazi awiri okalamba, wina mwana wake ali m'manda, wina mwana wake sadzapondanso pano, ndipo tinakamba za kukwera mtengo kwa anyezi. Pochoka anandiuza chinthu chimene ndikanakonda akanapita nacho. Akuti chaka choyamba chitangotha, a Irsheid ankati akamva galimoto ikukwera chitunda ankatuluka kukaona, ndipo ankauza a Nofa kuti aike madzi pamoto. Akuti ngakhale tsiku la lamya lija, a Irsheid anali atauza kale anyamata kuti akumbe manda a Mifleh pafupi ndi bambo awo, ankangodikira kuti mutsike ndege. Dzenjelo analikwirira lopanda munthu.

Ndinamufunsa Maysoun kuti zonse zija zinatenga nthawi yaitali bwanji. Akuti kuyambira pemphero la masana mpaka la chakumadzulo. Masana amodzi, achimwene.

Mwachita chimene ndinapempha, ndipo ndikuthokoza. Ndikudziwa kuti sichinali chopepuka, Maysoun anandiuza za mkanjo. Mubwere mu Novembala, azitona otsalawo akapsa. Kuno kulibe alendo oti muziwabisira manja. Ndidzakuphikirani mpunga wa nkhosa, chambiko ndapempha kale kwa a Nofa, ndipo khofi ndidzakugwirirani ndekha pakamwa, poti ndinu mlongo wanga ndipo tatsala awiri.

Koma ndikadzakuthirirani, musadzaike kapu pansi. Mudzangomwa. Chikhululuko chimene mungadzandipemphe chinatsala ku Zarqa, pakati pa munthu wa ku Nablus ndi msilikali wa ku Irbid.

Ndine mlongo wanu,
Fidda